Akuti abwera kudzanyamula filiji chifukwa cha ngongole ya mlamu wanga

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali amene amasoka ndi kugulitsa zitenje mu msika waukulu wa Zomba. Ndaifupikitsa chonchi:

"Lachiwiri masana ndili pa benchi, inandiimbira nambala yachilendo. Bambo wake anati ndi wa kampani yotolera ngongole, ndipo mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, anatenga K420,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama n'kulemba dzina langa pa fomu. Mlamuyo anapita ku Joni ndipo foni sakuyankha. Akuti ngongoleyo tsopano ili pa ine. Ndikapanda kutumiza K60,000 pa foni pofika Lachisanu, abwera ndi apolisi kudzanyamula filiji ndi makina osokera, ine n'kukagona m'chitokosi. Anatchula dzina langa lonse ndi kumene ndimakhala. Ine sindinasaine kanthu. Chichokereni tsikulo sindikuona tulo. Nditumize?"

Mayi, musatumize ngakhale tambala. Sindikunena kuti ngongoleyo kulibe. Mwina ilipodi, mwinanso amene anakuimbiraniyo ndi wantchito weniweni wa kampani yeniyeni. Koma mawu a pa foni si umboni wa chilichonse. Munthu amene simunamuone nkhope, amene wakupatsani masiku atatu ndi nambala yoti mutumizeko ndalama, akufuna kuti mulipire mtima ukadali phaphapha, musanafunse munthu wina aliyense. Choyamba kuchita ndi kuichotsa nkhaniyi pa foni kuti ibwere pa pepala.

Zoti anatchula dzina lanu ndi dera lanu zisakusowetseni mtendere. Maina ndi manambala athu tinawamwaza kalekale: m'mabuku a maajenti, pa mndandanda wa banki m'khonde, pa makadi a ukwati, m'magulu a WhatsApp a kumpingo. Ife a kuno tikudziwanso zimene apolisi akhala akunena kangapo konse, zoti ena mwa mafoni obera anthu ndalama amaimbidwa ndi akaidi ali m'kati mwa ndende yaikulu ya mumzinda wathu uno. Munthu wotere amalankhula mwaulemu, Chingelezi chothyakuka, ndipo amadziwa kuti mawu oti "apolisi" amafooketsa mawondo.

Akaimbanso, musadule foni ndipo musakalipe. Tengani kope lija mumalembamo miyezo ya makasitomala, mufunse modekha: dzina lanu ndani, kampani yanu ndi iti, ofesi ili pati, amene anabwereketsa ndalamayo ndi bungwe liti, anaipereka tsiku lanji, inali zingati isanakwere ndi chiwongola dzanja. Lembani zonse, pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi nambala imene waimbira. Kenako munene chiganizo chimodzi chokha: "Ndilembereni kalata, muikemo kope ya fomu imene ine ndinasaina." Musavomere kanthu, ngakhale kungoti "chabwino ndiona" pofuna kuti akusiyeni. Pini yanu, nambala ya chiphaso cha unzika, kapena manambala aja amabwera pa uthenga, zimenezo osapereka kwa wina aliyense pa foni. Mauthenga amene akutumizirani musafufute.

Mukatero, kwerani kabaza mupite nokha ku ofesi ya bungwe limene latchulidwalo. Osadalira nambala imene wakupatsani woimbayo, chifukwa akhoza kuyankha ndi mnzake. Kaonaneni ndi munthu wa pa desiki, mumufunse ngati ngongoleyo ilipo komanso ngati anaipereka kwa kampani yotolera imeneyo. Ngati woimbayo akukana kutchula bungwe ndi ofesi, nkhani yathera pomwepo.

Tsopano pamene pagona nkhani yanu ndi apa. Pa mafomu a ngongole pamakhala malo awiri amene anthu ambiri timawasokoneza. Pena amafunsa wachibale woti angamuimbire akasowa mwini ngongole. Apo munthu amangolemba dzina lililonse limene lamubwerera m'mutu, mwini dzinalo osadziwa n'komwe. Pena ndi pa mboni yoimira ngongole, munthu wolonjeza kuti mnzangayu akalephera ndidzabweza ndine. Ameneyu amasaina, nthawi zambiri amaperekanso kope ya chiphaso chake. Ngati dzina lanu lili pa malo oyamba aja, inu mulibe ngongole. Chibale sichisamutsa ngongole. Akhoza kukufunsani kumene kuli mlamu wanu, koma sangakulipiritseni. Ndiye khalani pansi mukumbukire bwinobwino: kodi palibe tsiku limene mlamu anabwera pa benchi ndi pepala, n'kunena kuti "alamu, tangosainani apa, ndi za umboni chabe"? Kodi sanabwerekepo chiphaso chanu kuti akachite fotokope? Ndikufunsa chifukwa ambiri amene amati sanasaine, akaona pepalalo amakumbukira. Ndipo mukapeza siginecha imene si yanu, umenewo ndi mlandu wa chinyengo, ndipo wopita kupolisi ndi inuyo.

Za chitokosi, mtima ukhale m'malo. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 19, amanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi wina pa mgwirizano. Kulephera kubweza ngongole ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, imakambidwa kukhoti, ndipo apolisi si otolera ngongole. Zimasintha pokhapokha ngati munthu anatenga ndalamayo mwachinyengo, monga pogwiritsa ntchito zikalata zabodza.

Filiji nayo sinyamulidwa chifukwa wina walamula pa foni. Njira yake ndi yaitali: wobwereketsa amakasuma, inu mumalandira masamoni, khoti limagamula, ndipo mukapanda kulipira ndi pamene amabwera masherifu atanyamula chikalata cha khoti. Chikalatacho muli ndi ufulu wochiona ndi kuchiwerenga. Pamene zimasiyana ndi pa katundu amene munthu anachita kumulemba yekha ngati chikole, chifukwa pamenepo mgwirizano umapatsa wobwereketsa mphamvu pa katunduyo. Koma mlamu wanu sangapereke makina anu ngati chikole inu osavomera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachiopa kuposa mafoni amenewa, ndipo ndinachiona ndi maso anga tikukhala ku Mpondabwino. Mayi amene tinkayandikana nawo nyumba anaimira mnzawo wa pagulu pa ngongole. Mafoni atachuluka anasintha nambala. Kenako kunabwera envelopu ya khaki ya masamoni, iwo n'kuilowetsa pansi pa matiresi, poganiza kuti akapanda kupita kukhoti nkhaniyo izizira yokha. Khoti linagamula iwo kulibe. Tsiku limene inabwera galimoto kunali kukuwaza mvula, ndipo ndimakumbukirabe mwana wawo wamkazi ataima pakhonde atagwira nsalu yoluka imene ankavindikira wailesi ya kanema, wailesiyo ili kale pa lole. Akadapita kukhoti akadatha kufotokoza mbali yawo ndi kupempha kuti azilipira pang'onopang'ono. Choncho foni mukhoza kuikayikira, koma pepala la khoti likafika, valani chitenje chanu chabwino mupite pa tsiku lake.

Zikapezeka kuti munasainadi, musathawe. Pemphani sitetimenti yoonetsa ndalama imene inatengedwa, imene mlamu anabwezako, ndi mmene chiwongola dzanja chawerengedwera. Kambiranani ndalama imene mungakwanitse pa mwezi, osati imene ingawasangalatse lero inu n'kulephera mwezi wamawa, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Ndalama muzilipira ku ofesi kapena ku akaunti ya bungwelo, osati ku nambala ya munthu, ndipo risiti iliyonse muziisunga. Kuthawa kuli ndi mtengo wakenso: kuchokera pamene linakhazikitsidwa lamulo la 2010 la mabungwe osunga mbiri ya ngongole, dzina la wosabweza limalembedwa, ndipo tsiku limene mudzafune ngongole yoonjezera mpamba wa zitenje mudzalipeza likukudikirani.

Kwa ena amene mukuwerenga, amene akukuimbirani za ngongole yakalekale: timati mlandu suola, koma lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu akasume pa ngongole ya mgwirizano wamba. Kungolipirako pang'ono kapena kuvomera ngongoleyo molemba kumayambitsanso kuwerenga zakazo. N'chifukwa chake mawu oti "tumizani kangachepe kaye" si aang'ono monga amamvekera. Musanatumize, funsani wodziwa malamulo.

Loya si wa anthu olemera okha. Bungwe la Legal Aid Bureau lili ndi ofesi konkuno ku Zomba ndipo ntchito yake ndi kuthandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amapatsidwa ziphaso ndi kuyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko kumalandiridwa madandaulo ngati mwadandaula ku bungwelo koma osathandizidwa. Woimbayo akayamba kutukwana, kuopseza moyo wanu, kapena kumwaza chithunzi chanu m'magulu a WhatsApp, tengani foni yanu ndi kope lija mupite kupolisi, nambalayo mukainenenso ku kampani ya foni.

Popita ku ofesi kuja mutengane ndi mng'ono wanu. Ndikudziwa kuti nkhaniyi ikhoza kukuyambanitsani, ndipo mwina mwakhala mukumubisira pomumvera chisoni, poti nayenso wasiyidwa ndi ana. Koma iye ndi amene angadziwe ngati m'chikwama cha mwamuna wake munatsala mapepala, ndipo akuyenera kumva zimene zalembedwa pa fomuyo ndi makutu ake, chifukwa mwina dzina limene lili pa malo a mboni ndi lake. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze zimene mwapeza pa fomupo.