Yankho la amalume: kodi Mulungu amauwerengera moyo wa pathandala ndi pakhomo?

Moni nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi ana omwe. Ndapempha kuti mawu angawa alembedwenso, kuti amene mafoni awo amavuta kutsegula mawu athe kuwerenga.

Mwanangu, mwana wa mlongo wanga, funso lako ndalimva bwino, ndipo sindinafune kuliyankha mothamanga chifukwa ndi funso lolemera. Wanena kuti tsiku lako limayamba ndi kulawirira kudoko kukagula usipa kwa asodzi, kenaka kuuyanika pathandala, kukaugulitsa kumsika, ndi kubwerera kunyumba kudzasambitsa ndi kudyetsa agogo ako, ndipo mawa lake zimakhalanso chimodzimodzi. Ukaona anzako amene anapita ku Johannesburg akutumiza zithunzi, ena akutchedwa atumiki a Mulungu ndipo akulalikira m'misonkhano, umadzifunsa ngati Mulungu ali ndi cholinga chilichonse ndi moyo ngati wakowu, kapena ngati anakuiwala. Kufunsa choncho si kuchimwa, komanso si chizindikiro chakuti chikhulupiriro chako chazilala. Ndi funso la munthu wotopa amene akufunabe kukondweretsa Mbuye wake, ndipo loyenera kuyankhidwa kuchokera m'Malembo.

Ndiyambe ndi Ambuye Yesu mwini. Luka 3:23 imatiuza kuti anayamba ntchito yake yolalikira ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo pa Marko 6:3 anthu a kwawo ku Nazarete, atamumva akuphunzitsa, anadabwa n'kumafunsana ngati ameneyu sanali mmisiri wa matabwa uja. Anamudziwa ndi ntchito ya manja ake, monga mmene anthu a kumsika amakudziwira iwe ndi usipa wako. Zaka zambiri za moyo wake wa pansi pano zinathera m'mudzi wonyozeka, akugwira ntchito imene palibe mlembi anaona kuti n'kofunika kuifotokoza. Komabe pa ubatizo wake, asanachite chozizwitsa ngakhale chimodzi, mawu ochokera kumwamba ananena kuti Atate akondwera naye. Ine ndimakhulupirira kuti zaka za ku Nazarete zija sizinali zongodikira nthawi. Zinali kumvera Atate, ndipo Atate anazilandira.

Pali anthu awiri m'buku la Marko amene alaliki sakonda kuwatchula, koma ine ndimawaganizira kawirikawiri ndikaona asodzi akusoka makoka awo m'mphepete mwa nyanja. Woyamba ndi Zebedayo. Yesu ataitana Yakobo ndi Yohane, iwo anasiya atate awo m'ngalawa pamodzi ndi antchito, ndipo palibe pamene Malembo akumudzudzula bamboyu chifukwa chotsala ndi makoka. Wachiwiri ndi munthu wa kudziko la Agerasa amene anachiritsidwa ku mizimu yoipa. Iyeyu anachita kupempha kuti apite nawo m'ngalawa, koma pa Marko 5:19 Yesu anamukaniza, namuuza kuti apite kwawo kwa abale ake akawauze zazikulu zimene Ambuye anamuchitira. Kuitana kwa Ambuye kumatumiza ena kutali, ndipo ena kumawabweza kunyumba, ndipo wobwezedwa kunyumbayo sanachepetsedwe.

Tsono ndifike pa ntchito yako yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse. Pamene okhometsa msonkho ndi asilikali anafunsa Yohane Mbatizi kuti achite chiyani, monga tiwerenga pa Luka 3:12 mpaka 14, iye sanawauze kuti asiye ntchito zawo akakhale naye kuchipululu. Anauza okhometsa msonkho kuti asalipiritse mopyola muyeso, ndipo asilikali anawauza kuti asalande za anthu mwaukali, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Kulapa kwawo kunayenera kuonekera pa ntchito pomwepo. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine mmene chinyengo chimachitikira pa malonda a nsomba. Alipo amene amaphwanya pansi pa chigoba kuti chilowe pang'ono, alipo amene amaika usipa wabwino pamwamba pa mulu n'kubisa wofumbwa ndi wophwanyika pansi, aliponso amene amatenga nsomba pangongole kwa msodzi n'kuyamba kumuzemba atagulitsa. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga ndi wonyansa kwa Yehova, koma muyeso wolungama umamukondweretsa. Taganiza mofatsa za mawu amenewo: Mulungu amene analenga nyanja yonseyi amakondwera ndi chigoba chodzaza bwino. Pamene ukupima moona, pamene ukubweza chenji chonse kwa mwana amene watumidwa ndipo sadziwa kuwerengera, pamene ukulipira ngongole ya msodzi pa tsiku limene munapangana ngakhale mwera wavuta ndipo malonda sanayende, pamenepo ukupembedza Mulungu, ndipo kupembedza kumeneko n'kovuta kuposa kuimba nyimbo Lamulungu m'mawa. N'chifukwa chake Paulo, amene nayenso ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila, analembera Akolose kuti chilichonse chimene achita achichite ndi mtima wonse, monga kwa Ambuye osati kwa anthu. Mawu amenewa, a pa Akolose 3:23, anawalembera akapolo, anthu amene ntchito yawo inalibe ulemu uliwonse pamaso pa dziko.

Kuno kwathu ku Mangochi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Ambiri mwa amene umagula nawo ndi kugulitsa nawo ndi abale athu achisilamu, anthu amene timakhala nawo pamaliro ndi paukwati, ndipo ambiri a iwo sadzalowa m'tchalitchi kukamva ulaliki. Chimene amadziwa za Khristu ndi chimene amaona mwa Akhristu amene ali nawo pafupi. Mtumwi Petro anati tizikhala okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Munthu amafunsa za chiyembekezo chako akaona kuti mawu ako ndi odalirika ndiponso kuti sutukwana pamene wapsa mtima.

Mbiri ya dera lathu lomweli imaphunzitsanso zomwezi. Mu 1875 gulu la amishoni a ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young, linadutsa pano pa mtsinje wa Shire ndi sitima yotchedwa Ilala, likupita kukakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Dzina limene timalikumbukira ndi la Dr Robert Laws, koma m'gululo munali kalipentala, wosula zitsulo, wokonza injini, wa zaulimi ndi wodziwa kuyendetsa sitima. Pa mathithi a Shire sitimayo inamasulidwa zidutswazidutswa, ndipo anthu akuda mazanamazana anaisenza pamitu ulendo wautali m'mapiri, anthu amene mayina awo sitiwadziwa. Atakhala ku Cape Maclear zaka zoposa zisanu, akudwala malungo ndi kuika anzawo m'manda amene alipo mpaka lero, anabatiza munthu woyamba, Albert Namalambe, mu 1881, chaka chomwe anasamukira ku Bandawe. Munthu woyang'ana ndi maso a thupi akanati ntchitoyo yalephera. Koma mipingo, masukulu ndi zipatala zambiri za kumpoto kwa dziko lino zinachokera pa chiyambi chimenecho, ndipo wosenza chitsulo uja ali ndi gawo lake mmenemo, ngakhale iye sanaone kumene ntchitoyo inakathera.

Za agogo ako ndiyankhule mosapita m'mbali. Pa 1 Timoteo 5:4 Paulo akunena kuti ngati mkazi wamasiye ali ndi ana kapena adzukulu, iwowo ayambe aphunzira kuonetsa chipembedzo chawo m'banja mwawo, ndi kubwezera zabwino kwa makolo awo, chifukwa chimenechi n'cholandirika pamaso pa Mulungu. Adzukulu atchulidwa mwachindunji pamenepo. Kuchapa zofunda zawo, kuwaphikira phala, kuwakumbutsa mankhwala, kumvetsera nkhani imene akubwereza kachitatu osawakalipira, zonsezi Malembo akuzitcha chipembedzo. Sindikunena izi pongofuna kukutonthoza mtima. Ndikunena chifukwa zinalembedwa, ndipo chifukwa pa Mateyu 25 Ambuye akuti chimene tachitira wodwala ndi wanjala tachitira Ambuyewo.

Komabe ndikuchenjeze pa chinthu chimodzi, kuti ungaganize kuti mtengo wako pamaso pa Mulungu ukuchokera ku kulimbikira kwakoko. Aefeso 2:8 mpaka 10 imayamba ndi kunena kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito, kenaka ndiye imati tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu. Chisomo chili patsogolo, ntchito zikutsatira. Tayang'ana agogo akowo. Lero sangalime, sangapite kumlaga, ngakhale kuimba nawo ndi amayi a Mvano monga ankachitira kale, koma palibe pagulu lino amene anganene kuti moyo wawo watha phindu pamaso pa Mulungu. Ngati iwo ali amtengo wapatali atagona pamphasa, iwenso uli wamtengo wapatali pa tsiku limene usipa wavunda ndi mvula ndipo wabwerera wopanda phindu.

Sindikunenanso kuti uyenera kukhala pathandala moyo wako wonse. Kufuna kubwerera kusukulu, kuphunzira ntchito yamanja kapena kukulitsa mpamba wako kudzera ku banki mkhonde si kusayamika, ndipo Paulo yemweyo anauza akapolo pa 1 Akorinto 7:21 kuti mwayi wa ufulu ukapezeka augwiritse ntchito. Pempherera zimenezo ndipo uzikonzekere. Chimene ndikukaniza ndi kuganiza kuti moyo wako ndi Mulungu udzayamba tsiku limene zinthu zidzasinthe, ngati kuti masiku anowa sakuwerengedwa.

Tsopano ndiyankhule ndi inu nonse amene mukumvetsera, makamaka ana ndi adzukulu a mayi athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Vesi la Timoteo lija silinalembedwere mwana mmodzi yekha, ndipo sichingakhale chilungamo kuti tizimuuza mnzathuyu kuti ntchito yake ndi yopatulika ife titamusiyira yekha katundu yense. Mbali ina ya funso lake ikuchokera ku kutopa, ndipo kutopa kumeneko tili nako mlandu tonse. Ine ndi akazi anga tizibwera Loweruka madzulo kudzagona kwa mayi, kuti iye apume ndi kupita kutchalitchi Lamulungu osathamangira kunyumba. Ndikupempha kuti mwezi uno usanathe aliyense alembe pagulu pano chimene angakwanitse, kaya ndi ndalama ya mankhwala ndi sopo, kaya ndi kubwera kudzakhala sabata imodzi pa tchuthi, makamaka kumapeto kwa chaka pamene nyanja imatsekedwa ndipo malonda a nsomba amachepa. Mwanangu, ukamaliza kumvetsera uwerenge Akolose 3 yonse ndi Marko 5, ndipo Loweruka ndikabwera tidzakambirane zimene zakuvuta mmenemo, pamodzi ndi nkhani ya sukulu ija.