Kodi ndalama zothandizira mabungwe zimapezeka kuti? Yankho kwa amayi a ku Kanyama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Dzina ndisunga poti sanandiuze kuti nditchule. Ndaidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu: "Tilipo amayi 14. Timaphikira phala ana amasiye komanso kuwaphunzitsa kuwerenga m'chipinda chimene mpingo unatibwereka. Tinayamba mu 2021 ndipo ndalama timasonkha tokha, zina zimachokera ku chilimba. Anzathu akuti pa intaneti pali ndalama zambiri zothandizira magulu ngati lathu. Tingazipeze bwanji? Pali bambo wina amene akuti timupatse K1,500 kuti akatilembetse kwa azungu."

Mayi, ndiyambe ndi K1,500 imeneyo. Musapereke. Mugulire ana ufa wa phala ndi shuga. Bungwe lililonse loona limene limapereka thandizo silimalipiritsa munthu kuti apemphe. Ngakhale nambala imene boma la America limafuna kwa opempha ndalama zake, yotchedwa UEI, imene inalowa m'malo mwa nambala yakale ya DUNS mu 2022, imatengedwa mwaulere pa SAM.gov. Wina akakuuzani kuti mutumize kaye kangachepe pa Airtel Money kapena MTN kuti "fomu iyende", ameneyo akufuna kudya thukuta lanu. Alipo anthu oona mtima amene amalembera magulu mapulopozo n'kulipidwa chifukwa cha ntchito yolembayo, koma woona mtima salonjeza kuti ndalama zibwera, chifukwa sali m'gulu la osankhawo.

Tsopano ku funso lenilenilo. Anzanuwo sakunama, ndalama zilipo, koma zachepa kusiyana ndi kale. Pa 20 January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja, ndipo pofika July chaka chomwecho USAID, bungwe lake lopereka thandizolo, inali itatsekedwa. Kuno ku Lusaka tinaona ndi maso: anthu amene ankayenda pa magalimoto oyera a mapulojekiti anakhala pakhomo, maofesi ena anatsekedwa. Zotsatira zake n'zakuti mabungwe akuluakulu, okhala ndi akauntanti ndi munthu wolembedwa ntchito yongolemba mapulopozo, tsopano akulimbirana tindalama timene kale ankatinyoza. Mukakalowa mpikisano wa pa intaneti mukakumana ndi amenewo. Ndiye ine ndikuti musayambire kumeneko. Yambirani pafupi, kwa anthu amene angathe kukwera minibasi n'kubwera kudzaona mphika wa phalawo.

Khomo loyamba ndi CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Mu 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali pa K36.1 miliyoni. Kanyama ndi dera palokha, chimodzimodzi Chawama, Matero, Mandevu, Munali, Kabwata ndi Lusaka Central. Ndalamazi zimagawidwa patatu: ntchito za chitukuko monga makalasi, madesiki ndi mijigo, thandizo ndi ngongole kwa magulu a amayi ndi achinyamata, komanso malipiro a ana a kusekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, imene aliyense amangoti WDC, kenako limapita ku komiti ya CDF ya dera lonse. Pitani ku ofesi ya khansala wanu mukafunse kuti mafomu atuluka liti. Dziwani kusiyana uku: mukapempha kalasi, ndalama sizifika m'manja mwanu, khonsolo ndiyo imapeza womanga. Mukapempha ngati gulu la amayi, thandizolo ndi loti muyambire kantchito kobweretsa ndalama, kaya nkhuku kaya kusoka mayunifolomu, ndipo phindu lake lingathe kudyetsa anawo chaka chonse. CDF imachedwa, ndipo anthu amadandaula kuti ndale zimalowererapo. Komabe fomu yake ndi yaulere ndipo ofesi yake mumafikako wapansi.

Koma ngakhale ku CDF akufunsani mapepala, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa magulu ambiri amagwera pomwepa, osati pa Chingerezi cha pulopozo.

M'kalata yanu simunanene ngati gulu linalembetsedwa. Ku Zambia njira zodziwika ndi zitatu. Mukhoza kulembetsa kwa Registrar of Societies, pansi pa unduna woona za m'dziko, ndipo makalabu ambiri a m'makomboni amadzera kumeneko. Mukhoza kulembetsa ngati bungwe lomwe si la boma pansi pa lamulo la NGO la 2009, ku unduna wa chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu. Kapena mukhoza kupita ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, n'kulembetsa kampani yosagawana phindu. Kwa gulu la amayi 14, ine ndikanayamba ndi yoyambayo. Kulikonse kumene mungapite akufunsani malamulo a gulu olembedwa, mayina ndi ma NRC a atsogoleri, ndi mfundo za msonkhano umene munasankhirana. Satifiketi ikatuluka, tengani TPIN, nambala ya msonkho ya gulu, ku ZRA, kenako mutsegule akaunti ku banki m'dzina la gulu, yosainira anthu osachepera awiri amene si apachibale.

Za akauntizi ndili nazo chipsera. Zaka zapitazo ndinathandiza kagulu kena kulemba pulopozo. Tinachezera usiku, bajeti tinaiwerengera mpaka ngwee yomaliza, ndipo tinadutsa gawo loyamba. Kenako mayi wa ku bungwe lopereka thandizolo anabwera kudzationa. Anakhala pa benchi, anamwa tiyi wathu, anaseka ndi ana. Atatero anapempha sitetimenti ya ku banki. Tinamupatsa. Anaiyang'ana, n'kufunsa mofatsa kuti, "Dzina ili ndi la ndani?" Linali la atcheya. Pakati pa ndalama za gulu panali malipiro a magetsi a kunyumba kwawo ndi fizi ya mwana wawo. Sanabe ngakhale ngwee imodzi, anali munthu wokhulupirika kwambiri, koma panalibe njira yosonyezera zimenezo pa pepala. Mayi uja anapempha malisiti. Msungichuma anatulutsa jumbo ya pulasitiki, ndipo theka la malisitiwo linali litafufutika, mapepala oyera mbee ngati sanalembedwepo kanthu. Kalata yotikana inafika patatha milungu itatu.

Choncho mawa lomwe gulani buku lachikuto cholimba. Tsamba lililonse: tsiku, zolowa, zotuluka, wapereka ndani, walandira ndani, siginecha. Lisiti lililonse mulijambule pa foni tsiku lomwelo lisanafufutike. Mukagula makala kapena ndiwo kumsika wa Soweto kumene kulibe malisiti, lembani kapepala, wogulitsayo asaine. Mukhalenso ndi kaundula wa ana: angati anadya Lolemba, angati Lachisanu, atsikana angati, anyamata angati. Ndalama za chilimba zimene mukuikamo nazonso muzilembe, pamodzi ndi masiku amene amayi amagwira ntchito mongodzipereka. Opereka thandizo ambiri amafunsa kuti inu eni mwaikapo chiyani, ndipo inu mwakhala mukuikapo kuyambira 2021, kungoti palibe analemba. Buku limeneli likadzaza miyezi 12 lidzakulankhulirani kuposa pulopozo iliyonse imene bambo wa K1,500 uja angalembe.

Mapepala akakhala m'malo, makomo ena amayamba kutseguka. Poti ndinu gulu la amayi, funsani za NGOCC, mgwirizano wa mabungwe oona za amayi umene unayamba mu 1985. Uli ndi thumba limene umagawira mabungwe omwe ndi mamembala ake, ndiye chinthu choyamba ndi umembalawo. Zambian Governance Foundation, imene inayamba mu 2009, yakhala ikuthandiza mabungwe a m'dziko muno ndi ndalama komanso maphunziro a kayendetsedwe ka bungwe. Poti mukuphunzitsa ana, dziwanani ndi a ZOCS (Zambia Open Community Schools), amene akhala akugwira ntchito ndi masukulu a m'midzi ndi m'makomboni kwa zaka zambiri. Pa zaumoyo, ndalama za Global Fund zolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo zimalowa m'dziko kudzera ku unduna wa zaumoyo ndi ku CHAZ, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo CHAZ imagawirako mabungwe ang'onoang'ono. Umu ndi mmene ndalama zambiri zimayendera: wamkulu amalandira, n'kugawira aang'ono amene akuwadziwa. Ndiye kudziwika n'kofunika. Akakuitanani kumsonkhano wa mabungwe, ngakhale kulibe alawansi, pitani.

Kuli maofesi a akazembe. Ofesi ya kazembe wa Japan ili ndi thumba lothandizira ntchito za anthu wamba, limene dziko lawo linayambitsa mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri malire ake anali mayeni 10 miliyoni pa pulojekiti imodzi. Iwo amakonda zinthu zogwirika: makalasi, zipatala zazing'ono, madzi. Malipiro a antchito ndi lendi salipira. Ndipo pa chilichonse chomanga adzafuna kudziwa kuti malowo ndi a ndani, choncho chipinda chobwereka kumpingo chidzafunika pangano lolembedwa ndi akuluakulu a mpingowo. Canada nayo ili ndi thumba la ntchito za m'madera limene limalengezedwa ndi mitu yake ya chaka chimenecho. Kwa ogwira ntchito za chilengedwe kuli thumba la GEF (Global Environment Facility) limene limayendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, lomwe kwa nthawi yaitali linkapereka mpaka madola 50,000. Kunja kwa dziko kuli African Women's Development Fund ya ku Accra, Global Fund for Women, ndi Mama Cash ya ku Amsterdam, koma amenewa amayang'ana kwambiri ufulu wa amayi ndi atsikana, osati chakudya cha ana. Za European Union musavutike nazo panopa. Mafomu ake amalemetsa mutu ngakhale kwa mabungwe okhala ndi maofesi ku Kabulonga.

Ndatchula dala amene sakugwirizana ndi ntchito yanu, chifukwa chiyeso chidzabwera. Mudzaona chilengezo cha ndalama zobzalira mitengo, wina m'gulu n'kunena kuti, "Tingolemba kuti ifenso timabzala mitengo." Ndaona magulu akusintha khungu chaka ndi chaka ngati bilimankhwe: chaka chino Edzi, chamawa nyengo, chinacho zisankho. Owerenga mapulopozo amazindikira msanga, ndipo mukapambana n'zoipa kwambiri, chifukwa mudzatha chaka mukuthirira mbande kwinaku ana akudikira phala. Walira mvula walira matope. Ndalama ya thandizo imabwera ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse, makoteshoni atatu musanagule chinthu chachikulu, ndi lamulo lakuti ndalama ya madesiki simungagulire ufa ngakhale ufa utatha. Mukaiphwanya, amakuuzani kuti mubweze.

Pulopozo yeniyeniyo si yovuta monga anthu amaopera. Werengani malangizo kawiri musanalembe chilichonse, makamaka pamene akunena oyenera kupempha ndi tsiku lotsekera. Akati masamba asanu, asakhale asanu ndi limodzi. Musayambe ndi umphawi wa mu Africa, amaudziwa kale. Nenani za Kanyama: kuti mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba chifukwa pansi pali mwala ndipo madzi salowerera, kuti kolera ya 2023 mpaka 2024 inachititsa kuti masukulu achedwe kutsegulidwa ndipo odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, kuti ana anu ndi angati ndipo amadya kangati pa sabata. Pemphani ndalama zolingana ndi msinkhu wanu. Gulu limene lakhala likuyendetsa K3,000 pa mwezi likapempha K2 miliyoni, wowerengayo amatseka fayilo. Bajeti igwirizane ndi nkhani: mukalemba kuti muphunzitsa ana 60, mabuku asakhale 200. Ndipo tumizani kusanatsale tsiku limodzi, chifukwa magetsi a kuno mukuwadziwa, amathima pa ola lomwe mukuwafuna.

Adzakukanani, mwina kangapo. Mukakanidwa lembani kakalata kothokoza n'kufunsa chimene chinaperewera. Ena sayankha, koma amene amayankha amakupatsani phunziro laulere, ndipo dzina la gulu lanu limakhala m'mutu mwawo.

Chinthu china chimene simunafunse. Musanyoze thandizo lopanda fomu. Mwini chigayo angakupatseni thumba la ufa mwezi uliwonse mukamufikira ndi kalata yokhala ndi chidindo cha gulu. Makampani ambiri a ku Industrial Area, omwe ndi oyandikana nanu, amakhala ndi kagawo kothandizira anthu, ndipo magulu a Rotary ndi Lions amakonda ntchito zooneka ngati yanuyi. Ana a ku Kanyama amene ali ku Johannesburg kapena ku London amatumiza akaona zithunzi ndi lipoti lachidule pa WhatsApp, kungoti zithunzi za ana musamaziike poyera popanda chilolezo cha owalera. Zonsezi zilowe m'buku lija, ngakhale thumba limodzi la soya.

Mukatsegula akaunti ndipo buku likayenda miyezi itatu, mundilemberenso, mutumize chithunzi cha tsamba limodzi mutabisa mayina a ana. Tidzaonera limodzi fomu ya CDF, mzere ndi mzere. Bambo ujayo mungomuuza kuti gulu lakana, musakangane naye, poti mukukhala naye komboni imodzi.