Kalavani yanga inakhala pakhomo masabata asanu basi

Achimwene, poti mukuti mukufuna kugula kalavani (kanyumba kokoka ndi galimoto) yoti muziimika pakhomo panu kuno ku England, musapereke kaye ndalama ya kalavaniyo. Ine zinandionekera mu 2023 ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

Tili pa estate yatsopano kunja kwa Leicester. Tinagula kalavani yakale yogona anthu anayi kuti ana azikaonako nyanja ku Skegness, poti ku Salima ndi kutali ndipo mtengo wa ndege mukuudziwa. Ndinafunsa kukhonsolo, anati kuimika pakhomo pako sikufuna planning permission bola isasanduke nyumba ina yokhalamo munthu. Ndinabwerako ndikuvina. Kumene khonsolo ndi nkhani ina, covenant, lamulo limene umavomera pogula nyumba, ndi nkhani inanso. Iyoyo ili m'mapepala a nyumba, mu TP1 ija, pepala losamutsira nyumba m'dzina lako, tinasaina kwa loya maso ali pa makiyi. Kamzere kamodzi kokha: kalavani, boti, galimoto ya ntchito, zonsezi ayi kutsogolo kwa nyumba.

Linali Loweruka m'mawa, ndikuchokera ku night shift, maso ali psuu. Ndikukhota pakona ndikuona mayi wa nyumba yoyang'anizana nafe waima pakati pa msewu, foni m'mwamba, akujambula. Pakhomo pa kalavani pakhala apongozi anga, anali atangobwera kuchokera ku Lilongwe, afunda chitenje pamwamba pa juzi, kapu ya tiyi m'manja. Iwo poona munthu anadzuka, kuwerama pang'ono, kupereka moni. Mayi uja osayankha, anangowajambulanso n'kutembenuka. Apongozi akundifunsa, "Bambo, kodi ndalakwa chiyani?" Ndinasowa poyambira. Ankangokonda kukhalamo masana chifukwa mumalowa kadzuwa, koma kalata ya kampani yoyang'anira estate itafika Lachitatu inati m'kalavani mukugona munthu, tichotse pasanathe masiku 14 apo ayi tikaonana ndi maloya.

Mayi ameneyu katundu wake wa pa intaneti ndimamulandirira ndine. Pa Khirisimasi akazi anga anamupititsira mandasi. Kugogoda pachitseko kunamukanika chiyani? Nanga kampani yoyang'anira estate, ndalama timalipira chaka ndi chaka, udzu wa pabwalo la ana umafika m'mawondo, imelo sayankha, koma za kalavani anayankha m'masiku anayi!

Ndinaikoka usiku mvula ikugwa, manyazi, pobwerera m'mbuyo n'kugwetsa mpanda wanga womwe. Pano imakhala ku famu ina yosungirako makalavani, mapaundi 480 pachaka, ndipo kuti tinyamuke Lachisanu ndiyambe ndayenda mphindi 40 kukaitenga.

Ndiye inu chitani izi. Lowani pa webusaiti ya HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi nyumba. Title register, pepala la umwini wa nyumba yanu, ndi mapaundi 7. Ikangotchula transfer (monga TP1 ija), itanitsaninso pepala limenelo chifukwa mawu enieni amabisala mmenemo. Mukapeza covenant lemberani amene anamanga nyumbazo kupempha chilolezo, ayankhe polemba, za pafoni ayi. Malo osungira sankhani a CaSSOA, bungwe la eni malo osungirako makalavani, a inshuwalansi amawakonda.

Komabe kunena zoona, bambo wa pakona pathu van yake ya ntchito yakhala panja zaka zitatu, covenant yomweyomweyo, palibe wamukhudza. Nthawi zambiri zimayamba wina akadandaula. Ngati aneba anu ndi anthu, ingoikani m'mbali mwa nyumba, muiphimbe, mukhale chete, chifukwa kulemba kalata kuja ndi kudziulula nokha. Ine ndikanakhala ndi geti lam'mbali bwenzi ili pompano.