Link yomwe inadya ndalama za kachewere, ndani angaitseke?

Achemwali ena a ku Ulongwe andilembera email sabata yathayi. Akuti mayi awo analandira uthenga pa foni woti akaunti yawo itsekedwa akapanda kudina link, tsamba lake lofanana ndendende ndi la kampani yosunga ndalama pa foni, iwo nkulemba PIN, basi ndalama zonse za kachewere wa chaka chino zapita. Ndiye akufunsa kuti mayina a masamba a pa intaneti, ngati lomwe linali mu link imeneyo, amapereka ndani, nanga bwanji sawatseka?

Pepani kwambiri achemwali, muwapepesenso mayi, thukuta la chaka chathunthu limenelo.

Dzina lililonse pa intaneti lili ndi mchira wake, .com, .org, .mz, ndipo mchira uliwonse uli ndi osunga kaundula wake, omwe amatchedwa registry. Wa .com amasunga ndi a Verisign a ku America, wa .org ndi a Public Interest Registry, pomwe .mz yathuyi ya Mozambique inayamba mu 1992 m'manja mwa CIUEM, nthambi ya za makompyuta pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Koma munthu sagula dzina kumeneko ayi, amagula kwa ma registrar, ngati mmene timagulira ma mega kwa ma agenti, mphindi zochepa dzina latuluka, wakuba naye amagula chimodzimodzi nkungosinthako chilembo chimodzi kuti diso lisaone.

Mphamvu yotseka ali nayo ndithu. Registry ikaika dzina pa serverHold, dzinalo limachoka mu DNS, buku la pa intaneti lomwe limalozera foni komwe tsamba lili, aliyense wodina link ija amapeza palibe kanthu. Zili ngati kuzula chikwangwani cha pamsewu, nyumba ya wakubayo ikadalipo pa kompyuta ya omwe amamusungira tsamba, koma njira yopitira kumeneko yasowa. Kuyambira April 2024 ICANN, bungwe loyang'anira mayinawa, inakhwimitsa mapangano ake kuti ma registry ndi ma registrar a michira ngati .com azichitapo kanthu msanga akapatsidwa umboni wa phishing (kunamiza anthu ndi uthenga kapena tsamba labodza kuti aulule zinsinsi ngati PIN), malware (mapulogalamu oononga), ma botnet (makompyuta omwe akuba awalanda nkumawalamulira) ndi zina zotero. Zomwe zinawagwera mayizo ndi phishing yeniyeni. Michira ya mayiko ngati .mz yokha ndiye imayendera malamulo a dziko lake.

Apa ndiye pomwe anthu amakwiya kuti amachedwa, koma ine ndimawamvetsako. Registry siingachotse tsamba limodzi lokha, ikatseka imatseka dzina lonse pamodzi ndi ma email ake omwe, ndiye tangoganizani tsamba la sukulu kapena chipatala lomwe akuba angolithyola nkubisamo msampha wawo, mukazula dzinalo mwalanga osalakwa. Nchifukwa chake amayamba aona ngati dzinalo linagulidwira kuba kapena ndi la eni ake enieni longobedwa. Za kutukwanana ndi mabodza a ndale nthawi zambiri sakhudza, amati pitani kwa osunga tsamba kapena ku khoti. Zithunzi zozunza ana zokha ndiye sanyengerera, a .org amagwira ntchito ndi Internet Watch Foundation, bungwe la ku UK lolimbana ndi zithunzi zotere.

Chomwe chimandiwawa nchakuti ife sitinena. Timadandaula pa gulu la WhatsApp basi, link nkumadyabe anthu ena ku Tsangano ndi ku Domwe. Jambulani uthengawo ndi tsambalo, koperani link yonse osaidinanso, lembani dzinalo pa lookup.icann.org ndipo ngati ndi la .com kapena .org muona registrar wake ndi email yodandaulira. Kulinso tsamba la NetBeacon Reporter, laulere, limakutumizirani dandaulolo kwa oyenera.

Ndalamazo registry siingabweze, musayembekezere zimenezo. Lero lomwe mayi asinthe PIN, muimbire kampani ya akaunti yawo, kenako mupite nawo ku polisi ndi zithunzi zija. Link ija nditumizireninso ine pa email yomweyi ndikadandaule nawo.