Masaya ada, koma mafuta akukanika kuwasiya

Achemwali ena andilembera kuti adzola mafuta oyeretsa khungu kwa zaka zinayi. Masaya ada bii, koma akangoyesa kusiya, sakufuna n'komwe kudziyang'ana pagalasi. Funso lawo: "Kodi ndine chitsiru?"

Ayi, achemwali. Manyazi amenewa a khungu lakuda simunabadwe nawo. Anachita kuwakonza anthu, ena mpaka kuwalemba m'malamulo. Mu 1786 ku Louisiana, dera lomwe lero lili m'dziko la America, bwanamkubwa Esteban Miró analamula kuti akazi akuda azimanga duku kumutu, tsitsi lawo lisaoneke. Mu 1810 Sarah Baartman, mayi wa ku South Africa, anamutenga ku Cape kupita naye ku London, anthu n'kumalipira kuti aone matako ake. Atamwalira ku Paris mu 1815, wasayansi Georges Cuvier anatumbula mtembo wake, ziwalo zina n'kuziika m'mabotolo. Mafupa ake anakhala pachionetsero ku Paris, kunyumba yosungira zinthu zakale ya Musée de l'Homme, mpaka 1974, ndipo anadzaikidwa m'manda kwawo mu 2002. Ku South Africa nthawi ya apartheid ankabaya pensulo m'tsitsi la munthu. Ikakanirira osagwa, ndiye kuti si mzungu, ndipo sukulu, ntchito ndi dera lokhala zonse zinkatsatira pamenepo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchitoyi tsopano tikuigwira tokha. Mwana akusewera panja, azakhali akukuwa: "Lowa, uda!" Mwana wazaka zisanu wamva kale kuti kuda ndi ngozi. Ndikunena mosapita m'mbali: wouza mtsikana kuti "ndiwe wokongola ngakhale uli wakuda" wamutukwana.

Tsono za khungulo

Werengani pabotolo, chifukwa kasiyidwe ka mafutawa n'kosiyana malinga ndi mankhwala omwe alimo. Mukaona mercury kapena calomel (mankhwala okhala ndi mercury), siyani lero lomwe. Imawononga impso ndipo imafika kwa mwana m'mimba. Mukaona clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi mankhwala amphamvu otchedwa ma steroid. Mukawasiya mwadzidzidzi nkhope imafiira, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu, n'chifukwa chake ambiri amabwerera kubotolo. Amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala wa khungu. Kuda kwa masayako kungakhale ochronosis, madontho akuda a pakhungu omwe amabwera munthu akadzola mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone nthawi yaitali. Kuwonjezera mafuta kumangokulitsa madonthowo. Tengani mabotolo onse popita kwa dokotala, ngakhale osalembedwa kanthu. M'mawa uliwonse dzolani mafuta oteteza khungu ku dzuwa (sunscreen) olembedwa SPF 30 kapena kupitirira, chifukwa khungu lopyapyala ndi mafutawa dzuwa limalipsereza msanga.