Zaka za Malawisaurus wa ku Karonga amazidziwa bwanji?

Achimwene mwafunsa kuti asayansi amadziwa bwanji kuti Malawisaurus, dinosaur (chinyama chachikulu chakalekale) wa ku museum ya ku Karonga uja, anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo pomwe kunalibe munthu owerenga zaka, ndipo ndaona ena akuyankha kuti ndi carbon dating basi. Ayi ndithu, pa dinosaur carbon sagwira ntchito olo pang'ono, ndipo chimandiwawa chifukwa yankho limeneli ndi lomwe limapangitsa anthu kuganiza kuti asayansi amangolota manambala.

Carbon dating imayeza mtundu wa carbon wotchedwa carbon-14, ndipo iri chonchi. Chamoyo chilichonse chimailowetsa m'thupi, mtengo kuchokera mu mpweya, nyama kudzera mu zakudya. Chikafa chimasiya kulowetsa ndiye yomwe inalimo imayamba kutha, pakapita zaka 5,730 yatsala theka, zina 5,730 latsala theka la theka lija, choncho choncho, pofika zaka 50,000 yatsala yochepetsetsa moti makina sangaiwerenge bwino. Ndiye ndi yabwino pa makala a pamoto wakale kapena mafupa a anthu ngati aja anafukulidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ena mwa iwo a zaka cha m'ma 8,000. Koma fupa la dinosaur linasanduka mwala kalekale, mulibemo choyeza.

Poyambira penipeni ndi dothi. Taganizani dzala la kuseri kwa nyumba, zinyalala za chaka chatha zili pansi, za dzulo zili pamwamba. Miyala yopangidwa ndi matope ndi mchenga imasanjikizana chimodzimodzi, ndipo Nicolas Steno analemba zimenezi mu 1669. Izi zimangokuuzani chomwe chinayamba ndi chomwe chinabwera pambuyo, sizipereka nambala ayi, ndipo malo ena nthaka inang'ambika miyala nkupendekeka ngati kuno ku chigwa cha nyanja yathu, ndiye pamafunika ma geologist, akatswiri a miyala, oyenda wapansi kulondola mzere uliwonse wa mwala.

Nambala imabwera ndi phulusa la mapiri ophulika. Mu phulusa muja muli timiyala tokhala ndi potassium-40 yomwe imasanduka mpweya wotchedwa argon, theka lake limatenga zaka 1.25 biliyoni. Chiphalaphala chikakhala chamoto argon yakale yonse imathawa, chikazizira yatsopano imayamba kutsekeredwa mkati mwa timiyala tija, ndiye mukayeza kuchuluka kwa ziwirizi mwadziwa nthawi yomwe phiri linaphulika. Fupa likapezeka pakati pa phulusa lapansi ndi lapamwamba, zaka zake zili pakati pomwepo. Umu ndi momwe anadziwira kuti Lucy, kholo lakalekale la anthu lomwe mafupa ake anapezeka ku Hadar ku Ethiopia, ndi wa zaka 3.2 miliyoni, komanso mapazi a makolo akale a anthu a ku Laetoli ku Tanzania omwe anapondedwa paphulusa penipenipo, zaka 3.6 miliyoni. Palinso uranium yomwe imasanduka mtovu mkati mwa kamwala kotchedwa zircon, ndipo ubwino wake muli mitundu iwiri ya uranium yotha pa liwiro losiyana, ndiye kamwala kamodzi kamapereka mayankho awiri oti agwirizane.

Tsono nkhani ya Karonga ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri chifukwa kumeneko zinthu sizinali zophweka. Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale ku Uraha m'boma la Karonga, anachipatsa nambala UR 501, amati ndi cha Homo rudolfensis. Chinali mu miyala yotchedwa Chiwondo Beds, yomwe ndi matope ndi mchenga wa nyanja ndi mitsinje yakale, ndipo phulusa labwino loyeza ngati la ku Ethiopia mulibemo. Mwina mukuti bwanji osangoyeza mchengawo? Sizingathandize, mchenga uja unakokoloka kuchokera ku miyala ya kumtunda yakale kwambiri, ndiye ungakuuzeni zaka za phiri lomwe unachokera osati nthawi yomwe unakwirira chibwanocho.

Ndiye anagwiritsa ntchito mano a nkhumba zakutchire, azibale akale a njiri ndi nguluwe. Eya, nkhumba. Nyama zimenezi zinkasintha msanga, dzino lakumapeto limanka litalika mibadwo ikamapita, ndipo ku Omo ku Ethiopia ndi ku Koobi Fora ku Kenya mano omwewo amapezeka atasanjana pakati pa mizere yambiri ya phulusa loyezedwa kale ndi argon. Ndiye mukapeza dzino la mtundu wakuti pafupi ndi chibwano ku Uraha, mumakaona kuti mtundu umenewo ku Omo uli pakati pa phulusa liti ndi liti. Apa ndi pomwe panachokera zaka 2.3 mpaka 2.5 miliyoni za chibwano chija. Taonani kuti sananene nambala imodzi yokha, anapereka malire, ndipo ineyo chimenechi ndi chomwe chimandipangitsa kuwakhulupirira.

Malawisaurus naye ndi njira yofananayo. Mafupa ake anachokera mu miyala yotchedwa Dinosaur Beds yomwe ili pansi pa Chiwondo Beds, ndiye mwaona kale kuti ndi wakale kuposa chibwano chija. Sidney Haughton anawafotokoza koyamba mu 1928, kenako mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, kuphatikizapo mMalawi Elizabeth Gomani, anampatsa dzina lomwe tikulidziwa lero. Poyerekeza nyama zopezeka mu miyala imeneyi ndi za malo ena oyezedwa bwino anaziika mu nthawi yotchedwa Early Cretaceous, yomwe inatha zaka cha m'ma 100 miliyoni zapitazo. Apa malire ake ndi otakata, akhoza kusiyana ndi mamiliyoni angapo ndipo akatswiri amakambiranabe, koma sangatsike pansi pa zaka 66 miliyoni chifukwa mu miyala yobwera pambuyo pa nthawi imeneyo dziko lonse simupezekanso ma dinosaur amtundu umenewu.

Chomwe ndikupempha a ku Karonga ndi madera ena muli mu gulu lino, mvula ikakokolola mukaona fupa lolemera ngati mwala m'chigwembe musalizule chonde. Jambulani ndi foni lili pomwepo, muonetsenso dothi lozungulira, kenako kadziwitseni a ku museum, chifukwa likangochoka pamzere wake wa dothi zimavuta kwambiri kudziwa zaka zake.