Ndege ikuzungulira pabwalo, injini ikunoka m'mwamba: mayankho kwa oyamba kumene magemu a ndege zankhondo

Mafunso awa ndi a anthu amene akuphunzira ndege za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse m'magemu a pakompyuta a DCS World ndi IL-2 Sturmovik: Great Battles, atazimitsa zonse zimene kompyuta imawathandiza.

Ndikangowonjezera moto, ndege imazungulira pamalo amodzi mpaka phiko kukhula pansi. Kodi joystick yanga yawonongeka?

Kawirikawiri joystick ilibe mlandu. Spitfire, Bf 109 ndi P-51D zili ndi matayala awiri akuluakulu kutsogolo ndi kagudumu kumchira, ndipo kulemera kwa ndege kumatsamira kumbuyo kwa matayala akuluwo. Mchira ukayamba kutaya mbali imodzi, kulemerako kumaukankhira komweko, moti kukhota kumakula kokha, monga zimachitikira mukamabweza m'mbuyo galimoto yokoka ngolo. Mukadikira kuti mphuno ipatuke bwinobwino ndiye muponde, mwachedwa kale.

Yendani liwiro la munthu wothamanga pang'ono, osapitirira apo. Onjezerani moto kuti ndege isunthe, ikangosuntha bwezani throttle (ndodo yowonjezera ndi kuchepetsa moto wa injini) kufika cha pa 1,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi). Rudder, chiwongolero cha kumchira choyendetsedwa ndi mapedulo, muziiponda mogogoda: pondani, siyani, onani mmene mphuno yayankhira, pondaninso ngati kukufunika. Phazi likakhalitsa pa pedulo, ndege imadutsa pamene mumafuna n'kutaya mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba. Pokhota, yambani kuponda mbali yotsutsana mphuno isanafike kumene mukulowera.

Koma musanadziimbe mlandu, tsegulani tsamba la ma control. DCS imakonda kupereka rudder, throttle ndi zina ku zipangizo zonse zimene mwalumikiza, ndiye rudder imodzi imalandira malamulo awiri osemphana. Fufutani zonse kusiya chipangizo chimodzi pa ntchito iliyonse. Muli m'ndege, dinani RCtrl ndi Enter: kabokosi kofiira kamaonetsa zimene gemu ikulandira. Mabuleki akaoneka ogwira mapazi anu ali pambali, ikani Invert, yotembenuza mbali, pa axis ya mabulekiwo m'tsamba la ma control.

Ndaika buleki ya kumanzere ndi ya kumanja, koma pa Spitfire sizikugwira.

Spitfire ilibe mabuleki a kuphazi. Buleki yake ndi ya mpweya, ndipo ndi kachitsulo kamodzi kofinya ndi dzanja pa ndodo yowongolera. Chimene chimagawa mpweyawo ndi mapedulo: rudder ikakhala pakati matayala onse amagwira, mukaponda kumanzere mpweya wambiri umapita ku tayala la kumanzere. Ndiye pokhota mumaponda kaye pedulo, kenako n'kufinya buleki kamphindi. Yak-1 ndi La-5 zimagwiranso chimodzimodzi. Muziyang'ana geji ya mpweya, chifukwa mukamangofinya injini ili pa rpm yochepa, pampu siibweza msanga mpweya umene mwataya.

Bf 109, Fw 190 ndi P-51D ndiye zili ndi buleki pa phazi lililonse. Kusiyana kwina kuli pa kagudumu ka kumchira, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pa P-51D, ndodo ikakhala kumbuyo kagudumuko kamatsekeka n'kumatsatira mapedulo madigiri 6 mbali iliyonse. Mukakankhira ndodo kutsogolo kamamasuka n'kumazungulira mmene kafunira. Pa Fw 190 kukokera ndodo kumbuyo kumakatseka kuti kaloze kutsogolo. Pa Bf 109 pali loko yake kumanzere kwa woyendetsa: tsekani poyenda mowongoka, tsegulani pokhota. Ka Spitfire kalibe loko ayi, n'chifukwa chake ndegeyi imavuta pansi kuposa zinzake.

Kutsogolo sindikuona chilichonse, ndipo kawiri konse ndagwa chamutu.

Mphuno yaitali imabisa njira, ndiye yendani mokhotakhota pang'ono: mukapatukira kumanja mumaona kutsogolo kudzera mbali ya kumanzere, kenako mosinthanitsa. Tsegulaninso galasi la pamwamba ndi kusuzumira. Kugwa chamutu kumabwera chifukwa chogwira buleki mwamphamvu nthawi imodzi. Mchira umanyamuka, pulopela n'kumenya pansi. Ndodo ikhale yokokeredwa kumbuyo kuti mphepo ya pulopela izipanikiza mchira, ndipo buleki muziigwira modukizadukiza.

Ndilibe mapedulo. N'zotheka?

N'zotheka ndi joystick yopotokola. Ikani deadzone (malo a pakati pamene gemu siimva kupotokola) ya 3 mpaka 5 kuti rudder isamagwedezeke mukamakoka ndodo, ndi curve ya pakati pa 15 ndi 25 kuti pakati pakhale pofewa. Curve yaikulu kwambiri si yabwino: pakati pamafa, ndiye kumapeto rudder imalumpha. Pa kiyibodi yokha ndiye n'kovuta ndithu, chifukwa batani silidziwa kuponda theka. Mu DCS, pa Special pali Auto rudder ndi Take-off assistance. Mutha kuyamba nazo, koma muzichepetsa msanga, chifukwa zikamaponda limodzi ndi inu simudziwa kuti wawongola ndege ndani.

Ponyamuka ndege imathawira kumanzere nthawi zonse.

Ikutero chifukwa cha pulopela. Pa injini ya Merlin (ya Spitfire Mk IX ndi P-51D) ndi DB 605 (ya Bf 109), mukakhala pampando pulopela imazungulira kulowera kumanja, ndipo mphamvu yakeyo pamodzi ndi mphepo imene imazungulira thupi la ndege n'kukamenya chipsepse cha kumchira zimakankhira mphuno kumanzere. Mchira ukamanyamuka pamabweranso kukoka kwina kulowera komweko, ndipo kumakula mukaunyamula mofulumira. Spitfire Mk XIV ya injini ya Griffon imazungulira mosemphana, choncho imathawira kumanja.

Lowani mumsewu wonyamukira, yendani mamita angapo mowongoka kuti kagudumu kalunjike, ndiye mukatseke. Pa P-51D ikani trim ya rudder (chokonzera chimene chimapendeketsa rudder musanaiponde) madigiri 5 kapena 6 kumanja. Kankhani throttle mosathamanga, masekondi anayi kapena asanu, phazi lakumanja lili lokonzeka. Simufunika moto wonse: Spitfire Mk IX imanyamuka bwino pa boost (muyeso wa mpweya wokankhidwira mu injini) ya +8. Maso akhale kutali, pa mtambo kapena chinthu chili kumapeto kwa bwalo, osati pa mageji. Liwiro likakwera musagwirenso buleki, rudder yokha ndi yokwanira.

Injini ya P-51D imagwedera n'kuzima patangopita mphindi zochepa ndanyamuka. Ndikulakwitsa pati?

Zifukwa zimakhala zitatu, ndipo choyamba chimachitika ndege isanasunthe. Oyilo wozizira ndi wolimba, safika bwino m'mabering'i. Mukaliza injini, isiyeni pa 1,200 mpaka 1,300 rpm kufikira oyilo atafika madigiri 40 a Celsius ndipo madzi oziziritsa atafika 60. Musaisiyenso pansi penipeni nthawi yaitali, chifukwa mapulagi amada ndipo injini imayamba kudumphadumpha. Musananyamuke kwezani kufika 2,300 rpm, ndodo ili kumbuyo, muyese magneto (chipangizo chopereka magetsi ku mapulagi) iliyonse payokha. Kutsika kwa pafupifupi 100 rpm n'koyenera. Kukaposa kwambiri, pali mapulagi amene sakuyatsa.

Chachiwiri ndi kusamvetsa ndodo ziwiri za kumanzere. Throttle imalamula kuchuluka kwa mpweya ndi mafuta zimene zikukankhidwira m'masilinda, ndipo mumaziwerenga pa geji ya manifold pressure. Ndodo ya pulopela imasankha rpm, ndipo governor, chipangizo choyang'anira liwiro la pulopela, imapotoza mapeni a pulopela kuti rpm imeneyo isasinthe. Mukakankha throttle yonse rpm ili pansi, mukupanikiza moto wambiri pa mapisitoni amene akuyenda mochedwa. Mafuta sapsanso mwadongosolo, amaphulika, ndipo kuphulikako kumaswa mapisitoni ndi mabering'i. Choncho powonjezera mphamvu yambani ndi rpm, throttle pambuyo. Pochepetsa yambani ndi throttle, rpm pambuyo. Dongosolo limeneli musalisinthe ngakhale mdani ali kumchira.

Chachitatu ndi nthawi. Injini ya P-51D, V-1650-7, imaloledwa manifold pressure ya mainchesi 61 pa 3,000 rpm kwa mphindi 15, ndi mainchesi 67 pa 3,000 rpm kwa mphindi 5 zokha. Imene mungayende nayo osawerenga nthawi ndi mainchesi 46 pa 2,700 rpm. Anthu ambiri amanyamuka ndi moto wonse n'kuiwala kubweza. Matayala akangolowa ndipo mwakwera pang'ono, tsitsani throttle kufika 46, kenako pulopela kufika 2,700.

Ndege iliyonse ili ndi manambala ake, ndipo ndi bwino kuwalemba pakapepala pafupi ndi sikirini. Merlin 66 ya Spitfire Mk IX: boost ya +18 pa 3,000 rpm mphindi 5, +12 pa 2,850 rpm ola limodzi, +7 pa 2,650 rpm osalekeza. Bf 109 G-6 mu IL-2: 1.3 ata (muyeso wa manifold pressure pa ndege za ku Germany) pa 2,600 rpm mphindi 30, koma 1.42 ata pa 2,800 rpm mphindi imodzi yokha.

Manambala ndikuwatsatira, koma nthunzi yoyera ikutuluka ndikamakwera.

Madzi awira. Rediyeta imaziziritsa malinga ndi mphepo imene ikudutsamo, ndiye kukwera mphuno ili m'mwamba kwambiri, liwiro lochepa, moto wambiri, kumaika injini pa kutentha kochuluka pamene mphepo ili yochepa. Tsitsani mphuno kuti liwiro likwere, chepetsani throttle, tsegulani zitseko za rediyeta. Pa P-51D zitsekozi zimadziyendetsa zokha zikakhala pa AUTO, koma zimachedwa kutseguka; pankhondo yozungulirana pa liwiro lochepa, zitseguleni nokha singano isanafike pofiira. Madzi akhale pakati pa madigiri 100 ndi 110.

Spitfire imawira ngakhale ili pansi, chifukwa marediyeta ake ali pansi pa mapiko ndipo miyendo ya matayala imatchinga mphepo. Konzani mapu, wailesi ndi zina zonse injini isanalire, ndipo mukaima podikira, lozetsani mphuno kumene mphepo ikuchokera.

Injini zoziziritsidwa ndi mphepo, monga za La-5 ndi P-47, zilinso ndi vuto losemphana nalo. Mukatsika kuchokera kutali throttle ili pansi ndipo zitseko zili zotsegula, masilinda amazizira mopitirira, ndiye mukafuna moto injini imatsokomola. Potsika tsekani zitseko ndi kusiya moto pang'ono.

Ndiyambe ndi ndege iti?

Ngati chikukuvutani ndi injini, Fw 190 A ndi yopepuka: Kommandogerät, makina oyendetsa injini yake ya BMW 801, imasintha yokha pulopela, kasakanizidwe ka mafuta ndi giya ya supercharger (chopopera mpweya mu injini), inu mumangogwira throttle ndi kuwerenga nthawi. Miyendo yake ndi yotalikirananso, ndiye siigwedera pansi ngati Bf 109. Koma pophunzira zonse pamodzi, TF-51D, mtundu wophunzitsira wa P-51D, ndi yabwino koposa. Imabwera yaulere mu DCS World, ilibe mfuti zokusokonezani, kagudumu kake kamamvera mapedulo, ndipo ndodo za injini mumazigwira nokha.

Konzani mishoni yopanda mphepo, pa bwalo lalitali ndi lotakata. Tsiku loyamba musanyamuke: yendani msewu wonse, tembenukani, bwererani, imani pamzere. Mukatha kutero maulendo asanu osataya, thamangani mpaka mchira unyamuke, bwezani throttle pang'onopang'ono, muimitse ndege osachoka pamzere. Zikatheka, ikani mphepo ya mamita 3 pa sekondi yochokera m'mbali, mubwerezenso zomwezo ndodo itapendekera kumene mphepoyo ikuchokera.